Kulemba zokambirana za atengambali: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera kuchokera kwa olemba nkhani zazifupi, nthano zazitali ndi masewero m'Chichewa, makamaka amene angoyamba kumene. Ndayamba ndi ophweka, ofuna kukhalira pansi ali kutsogolo. Zitsanzo zonse ndazipeka ndekha.

Zokambirana n'zofunikiradi? Sindingangofotokoza ndekha zonse?

Mutha kufotokoza nokha, ndipo pena ndi bwino kutero. Koma wowerenga amakhulupirira zomwe wadzimvera ndi makutu ake kuposa zomwe mwamuuza. Mukalemba kuti apongozi sankamufuna mkamwini wawo, wowerenga angovomera n'kupitirira. Koma mkamwiniyo atule matumba awiri a chimanga pakhonde, apongozi n'kuti, "Mnzanu wa kuseliyu chaka chino wabweretsa ngolo yodzadza. Koma zikomo, n'chimanga ndithu chimenechi," wowerenga amva kulasa kwake popanda inu kuwonjezerapo kanthu.

Mtengambali akatsegula pakamwa, pakhale chomwe akufuna kwa mnzakeyo: ndalama, chikhululuko, ulemu, kapena kungoti amusiye. Ngati palibe chomwe akufuna, mwina akhale chete.

Ndingangotchera khutu mmene anthu amayankhulira n'kukopera momwemo?

Kutchera khutu inde, kukopera ayi. Khalani pachigayo, pamjigo, pamzere wa kuchipatala kapena mu minibasi ya ku Ndirande, mumve mmene anthu amadulirana mawu, mmene amayankhira funso ndi funso linzake, mmene "kaya" mmodzi yekha amatsekera nkhani yonse. Koma mukajambula macheza a mphindi zisanu pafoni n'kuwalemba onse, mupeza masamba atatu a "eee", "ndiye", "mwaonatu" ndi kubwereza. Wowerenga sangapirire. Tengani kakomedwe kake, musiye madeya.

Timawu ting'onoting'ono ndi timene timapereka moyo: eti, ati, nanga, basi, kodi, komatu, paja. "Wabwera" ndi chiganizo chozizira. "Paja wabwera eti?" muli kale munthu amene akudziwa kanthu koma akufuna kumva kuchokera kwa wina.

Ndidziwa bwanji pogwiritsa ntchito "iwe" ndi pogwiritsa ntchito "inu"?

Funso ili ndi limene ndimalikonda, chifukwa apa ndi pamene nkhani zambiri zimagwera, komanso ndi pamene pali chuma chathu. Olemba amene amaganiza m'Chizungu kenako n'kumasulira amasowa nazo chochita, poti Chizungu chili ndi liwu limodzi lokha la onse awiri. Ife tili ndi awiri, ndipo mtunda umene uli pakati pa awiriwa ndi nkhani payokha.

Lamulo loyamba aliyense amalidziwa: wamkulu, mlendo, apongozi, amfumu, bwana wa kuntchito, onsewa ndi "inu". Mwana, mng'ono wako, mnzako wa pondapa n'pondepo, awa ndi "iwe". Chomwe olemba amaiwala n'chakuti wowerenga amadzidzimuka pamene mtengambali wasintha. Mayi amene wakhala akunena "inu" kwa mwamuna wake kwa masamba makumi awiri, tsiku limene adzati, "Iwe, tandiyang'ana," wowerenga adziwa kuti banja lagwedezeka, ngakhale musalembe kuti anakwiya. Zimachitikanso mobwerera m'mbuyo. Mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu walowa m'nyumba usiku, mayi ake n'kumulandira kuti, "Mwafika, bwana? Tikuphikireni chiyani?" Ulemu umenewo ndi chikwapu. Ndipo abwenzi awiri amene ankatchulana "iwe" kuyambira ku pulayimale, mmodzi akalemera winayo n'kuyamba kumuti "inu", ubwenziwo wazilala.

Ulemuwu suthera pa mlowam'malo. Umalowa mpaka mu mneni, ngakhale munthu wokambidwayo palibe. Mwana wabwinobwino amati "abambo apita kumunda." Mwana wonena kuti "bambo wapita" ndiye kuti pali chifukwa, ndipo ngati inu mlembi simunakonze chifukwacho, wowerenga ayesa kuti mwalakwitsa. Palinso ulemu wozungulira, woyankhula ndi munthu ngati mukukamba za wina: mtengwa kufunsa apongozi ake ali pomwepo kuti, "Amayi asamba kaye kapena adya kaye?"

Musanalembe zokambirana zilizonse, lembani pambali kuti uyu amamuti chiyani uyu, ndipo ndi liti pamene zidzasinthe. Kusinthako kuzichitika kamodzi kapena kawiri m'nkhani yonse. Kukachuluka kumasanduka phokoso.

Atengambali aziitanana ndi maina awo?

Kawirikawiri ayi. Werengani nkhani zambiri za ongoyamba, mupeza mkazi akuitana mwamuna wake ndi dzina la pa chitupa, mzere uliwonse. Ndi mabanja angati amene mukuwadziwa otero? Kumudzi mkazi amati "bambo a Chisomo" kapena amatchula mfunda, "aPhiri", mwamuna n'kumati "mayi a Chisomo" kapena "Nabanda". Ena onse ali ndi maina a ubale: achimwene, achemwali, alamu, amalume, azakhali, agogo. M'tauni mwabwera ankolo, anti, asisi, madala, aise, amwene. Wogulitsa kaunjika amakuitanani "bwana" kapena "mayi" malinga ndi mmene waonera thumba lanu.

Ngati nkhani yanu ili m'mudzi wa Achewa momwe chinamwali chikadali champhamvu, kumbukirani kuti kuitana munthu wovinidwa ndi dzina lake la paubwana ndi chipongwe. Mtengambali wochita zimenezi akhale kuti akufuna ndewu. Komanso si ubale wonse wolemera. Asuweni amanyozana mwachibwana popanda wokwiya, ndipo agogo aakazi amatha kutchula kamdzukulu kawo kakamuna kuti "amuna anga". Zoterezi zimapepuza nkhani yolemera. Za kusintha kaitanidwe pakati pa nkhani, zomwe ndanena pa "iwe" ndi "inu" zikugwiranso ntchito pano.

Moni ndizilemba yense? Akutalikitsa nkhani.

Ngati moniyo sakunyamula kanthu, dumphani: "Atapatsana moni, anakhala pamkeka." Zatha. Koma musamutaye nthawi zonse, chifukwa kwathu kuno uthenga woipa sufika mothamanga, umabisala kuseri kwa moni. Taonani:

"Odi kuno!"

"Lowani alamu. Mmawa uno? Kunyumba kwadzuka bwanji?"

"Kwadzuka. Kaya kuno?"

"Tadzuka ife. Nanga amayi, chifuwa chija?"

Mlendoyo anavula chipewa n'kuchiika pabondo. "Achimwene alipo?"

Palibe watchula imfa, koma wowerenga aliyense wa Chichewa wadziwa kale.

Nanga zinthu zimene anthu satchula poyera, monga imfa, mimba ndi za m'nyumba?

Zilembeni mmene anthu amazinenera, mozungulira. Munthu safa m'kamwa mwa mbale wake: amatisiya, amatsikira kuli chete, kapena kumangomveka kuti kwagwa zovuta. Mtsikana ali ndi pakati, ndi woyembekezera, kapena azakhali amangoti "mwanayu sali bwinobwino" n'kuyang'ana pansi. Wopita kuchimbudzi amati akukadzithandiza. Zining'a zimenezi si zokometsera chabe. Zimaonetsa amene akuchita manyazi ndi ndani, pamaso pa ndani. Namwino kuchipatala atha kutchula chinthu ndi dzina lake, koma namwino yemweyo akafika kwawo pamaso pa amalume ake abwerera ku zining'a.

Chikondi nachonso chimavuta. "Ndimakukonda ndi mtima wanga wonse" amanena achinyamata, pafoni ndi m'makalata. Bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi amangofunsa kuti, "Mwamwa mankhwala aja?" Ndipo mkazi wake amamva.

Atengambali anga onse akumveka ngati munthu mmodzi. Nditani?

Munthu mmodziyo ndi inuyo. Bisani maina ndi chala, muwerenge mizere yokhayo. Ngati simukutha kudziwa woyankhula, ntchito ikadalipo.

Aliyense mupatseni gwero la mawu ake. Msodzi wa ku Nkhotakota amayerekeza zinthu ndi mwera, ukonde ndi usipa. Mlimi wa fodya wa ku Kasungu amawerengera nthawi ndi nazale, chigafa ndi okushoni. Mkulu wa mpingo amalowetsa vesi ngakhale pokambirana za mbuzi. Kenako muwasiyanitse kutalika kwa mpweya: wina wa ziganizo zazitali zokhotakhota, wina wa mawu awiri basi. Wina sayankha funso molunjika. Wina amayamba chilichonse ndi "Ine pajatu". Kachizolowezi kamodzi pa munthu n'kokwanira, mukamuunjikira tambiri asanduka wa nthabwala.

Ndingasakanize Chizungu kapena chiyankhulo cha achinyamata?

Ngati mtengambaliyo amayankhula choncho, inde. Kondakitala wonena kuti "Perekani makwacha zikwi ziwiri" sanabadwe. Amati "thu sauzande". Mawerengedwe a zikwi ndi mazana timawamva pa nkhani za pawailesi ndi paguwa, osati pa depoti. Nthawi nayonso ndi "faifi koloko", ndipo wa kabaza amakufunsani ngati muli ndi tchenji. Mlembi wokana mawu amenewa pofuna Chichewa choyera amalemba anthu amene sapezeka pamsewu uliwonse wa m'Malawi.

Koma pali misampha iwiri. Woyamba ndi ulesi: kulemba chiganizo chonse m'Chizungu chifukwa inuyo simunapeze Chichewa chake, osati chifukwa mtengambali akudzionetsa kuti anapita kusukulu. Wachiwiri ndi kukalamba msanga kwa Chibrazi, chiyankhulo cha achinyamata a m'tauni. Mawu ngati "bho", "shapu" ndi "dolo" akhalitsa ndipo ambiri amawamva. Koma liwu limene latchuka pa Facebook mwezi uno litha kukhala litaiwalika buku lanu lisanatuluke ku makina osindikizira. Ndiponso ngati nkhani yanu ikuchitika m'zaka za m'ma 1980, achinyamata ake asayankhule za lero.

Mtengambali wanga ndi wa ku Nsanje, wina wa ku Lusaka. Ndilembe mmene amatchulira mawu?

Pang'ono pokha. Mawu awiri kapena atatu osankhidwa bwino amakwanira kuti khutu la wowerenga lidzaze kotsalako. Wa ku Lusaka amati "nifuna" m'malo mwa "ndikufuna", "manje" m'malo mwa "tsopano", "vintu" m'malo mwa "zinthu", ndipo ulemu wake ndi "ba" pamene ife timati "a". Mtchona wobwera kuchokera ku Joni amabwera ndi "mara" ndi "eish" wake, ndipo amawatulutsa kwambiri pamene pali anthu oti amve kuti anayenda. Wa ku Chikwawa kapena Nsanje Chimang'anja chake chimanunkhira Chisena, wa ku Mangochi Chiyao, wa ku Mzimba Chitumbuka.

Ngati derali simulidziwa bwino, pezani mwini wake akuwerengereni. Ndipo chenjerani ndi chizolowezi cha ansangulutsi ena chosandutsa katchulidwe ka mtundu wina kukhala nthabwala, ngati kuti aliyense wonena "sikomo" ndi mbuli. Pasiteji anthu amaseka, koma m'buku zimachepetsa mtengambali wanu, ndipo owerenga a mtundu umenewo amatseka bukulo.

Miyambi ndiike ingati?

Yochepa kuposa mmene mukuganizira. Ambiri tinaphunzira kulemba pokonzekera mayeso a MSCE, pomwe mwambi unkaoneka ngati umabweretsa malikisi, ndiye timauthira paliponse ngati mchere wa m'manja mwa mwana. Zotsatira zake ndi mtsikana wa Fomu 2 woyankhula ngati nduna ya mfumu.

Mwambi uli ndi eni ake ndi malo ake: pabwalo la milandu, pa ankhoswe, pamaliro, pamene wamkulu akulangiza wamng'ono. Mwana kuponyera mwambi wamkulu ndi mwano, pokhapokha ngati mwanowo ndi umene mukufuna. Onaninso kuti akuluakulu samaliza mwambi. Amangoti, "Paja walira mvula…" n'kusiyira pomwepo, womvera amalize yekha za matope mumtima mwake. Ndipo mtengambali asamasulire mwambi umene wangonena kumene. Amene akufuna tanthauzo ndi mphunzitsi wa m'kalasi, osati malume wokwiya.

Ndingadziwitse bwanji owerenga mbiri ya atengambali kudzera m'zokambirana?

Osati chonchi: "Monga ukudziwa mkazi wanga, tinakwatirana zaka khumi zapitazo ndipo tili ndi ana atatu." Mkaziyo akudziwa, anabereka ndi iyeyo. Anthu sauzana zomwe onse awiri akudziwa, kupatula pokangana. Pa mkangano mbiri imatuluka yokha, ili ndi minga: "Zaka khumi ndikukuchapirani, lero mukuti ndine mlendo pakhomo pano?"

Mwayi wathu ndi wakuti chikhalidwe chathu chili ndi malo amene anthu amafotokoza nkhani kuyambira pachiyambi popanda wodabwa. Pabwalo la amfumu wodandaula amayamba ndi mmene agogo ake anapezera mundawo. Pamaso pa ankhoswe mkazi amayala zonse kuyambira tsiku la chinkhoswe. Pamaliro pamakhala wowerenga mbiri ya malemu. Ikani mtengambali wanu pamalo otere, koma pakhale wina womutsutsa kapena womudula mawu, kuti isasanduke ulaliki. Zotsalazo fotokozani nokha m'mizere iwiri, monga ndanenera pa funso loyamba.

"Anatero" akubwerezedwa kwambiri. Ndisinthe ndi mawu ena?

Musavutike naye. "Anatero", "anati", "anafunsa" ndi "anayankha" diso limangowadumpha, ndipo ndi ntchito yawo imeneyo. Chotopetsa ndi mlembi wosaka liwu latsopano mzere uliwonse: anadzuma, anabwebweta, anatsindika, analalata mokwiya kwambiri. Ngati mawu a mtengambali ali ndi ukali kale, "mokwiya" ndi katundu wapamwamba.

Anthu akakhala awiri okha, mutha kusiya "anatero" kwa mizere ingapo. Kapena m'malo mwake ikani chochita: wina akusenda nandolo, wina akusula khasu, wina akungotembenuza foni m'manja. Mivekero nayo ndi chida chimene tili nacho chambiri. "Onse anangoti zii." "Anangoti kukamwa yasa." Kukhala chete kolembedwa bwino kumaposa yankho.

Ndilembe "anapita" kapena "adapita"?

Pofotokoza nkhani sankhani chimodzi, mukhale nacho mpaka kumapeto. Mabuku ambiri akusukulu ndi nyuzipepala amakonda "adapita". M'kamwa mwa atengambali tsatirani munthuyo: agogo a ku Dedza kapena ku Dowa "adapita" amawakhala bwino, pamene mnyamata wa ku Blantyre amangoti "anapita".

Chofunika kwambiri ndi kusiyana kwa "wabwera" ndi "anabwera". Mwana akauza mayi ake kuti "kwabwera alendo," alendowo ali pakhonde. Akati "kunabwera alendo," apita kale. Ndaonapo nkhani imene wapolisi akufunsa za munthu wothawa, mlembi n'kusokoneza ziwirizi, mosadziwa n'kuulula kuti wothawayo ali m'nyumba.

Nanga malamulo a kalembedwe? Anthu amati "chani", koma buku limati "chiyani".

Malamulo alipo. Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi 1990, ndipo kuyambira 1996 ntchito yoyang'anira ziyankhulo ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba. Mawu anu a mlembi atsatire malamulowo. M'kati mwa mitengero muli ufulu pang'ono: "Ukuti chani?" akumveka ngati munthu wapsa mtima, pamene "Ukunena kuti chiyani?" akumveka ngati akuwerenga. Koma mukasankha kuti uyu amati "chani", azitero nthawi zonse, kuti mkonzi asayese kuti ndi chala chinaterereka.

Zina n'zachidule. Woyankhula watsopano, ndime yatsopano. Mfunsiro ndi mfuuliro zikhale m'kati mwa mitengero. Mfuuliro umodzi ndi wokwanira, itatu siwonjezera ukali.

Za sewero la pawailesi n'chimodzimodzi?

Mzimu wake ndi womwewo, koma pawailesi mulibe "anatero" ndipo mulibe maso. Amene tinakula tikumvera Kapalepale ndi Sewero la Sabata Ino pa MBC tikukumbuka kuti tinkadziwa amene walowa chifukwa cha "Odi!" wake yekha. Choncho pawailesi atengambali amatchulana kawirikawiri kuposa m'buku, ndipo chochita chimamveka m'mawu: "Taikani pansi mpeniwo, alamu." Mukatengera chizolowezi chimenechi m'nkhani yowerenga, chimalemera. Onani funso la maina pamwambapa.

Ndingayese bwanji ngati zokambirana zanga zikumveka zenizeni?

Werengani mokweza, muli chiimire. Pomwe lilime lapunthwa, kapena pomwe mwachita manyazi kutulutsa mawuwo, pali vuto. Kenako werengerani munthu amene sawerenga mabuku koma amadziwa anthu, osati mlembi mnzanu amene angakuyamikireni kuti nanunso mudzamuyamikire.

Ine nkhani yanga ina ndinawerengera azakhali anga akusankha nyemba pa lichero. Munali ndime imene ndinkanyadira kwambiri, mkamwini akutsutsana ndi apongozi ake aakazi za malire a munda, mawu okhaokha akuthwa, tsamba lathunthu. Anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenako, osakweza n'komwe mutu, anafunsa kuti, "Mkamwini wake wa kuti ameneyo, woima pamaso pa apongozi n'kumawayankha yekha? Ankhoswe ake anamwalira?"

Ndinang'amba tsambalo. M'malembedwe achiwiri mkamwiniyo amangoti "Ndamva, amayi," n'kunyamula khasu lake, ndipo mkangano wonse umakachitika usiku, m'nyumba, pakati pa iye ndi mkazi wake, monong'ona kuti a nyumba yoyandikana asamve.